Chibale Sichiola, Mlandu Nawo Suola



Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri yofanana m'kamvekedwe. Wina uti chibale ndi fupa, sichiola. Wina uti mlandu suola. Masiku ambiri miyambi iwiriyi siikangana, pakuti m'bale amakhala kwake ndipo mlandu umakhala kwake. Koma limafika tsiku limene wopalamula mlandu ali mwana wa mayi wako, ndipo wodziwa chimene chidachitika uli iwe wekha. Tsiku lotero Mkhristu achite chiyani? Ili ndilo funso limene tifuna kulingalira pamodzi m'gawo lathu la mwezi uno, ndipo chimene chatifikitsa pa funsoli ndi buku la nthano limene tawerenga posachedwapa.

Za bukulo

Bukuli adalemba ndi mayi wa ku Nigeria, Oyinkan Braithwaite, ndipo lidatuluka m'chaka cha 2018. Dzina lake m'Chingerezi ndi My Sister, the Serial Killer, ndiko kunena kuti mng'ono wanga ndi wakupha anthu motsatizana. Lidamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndi Chipwitikizi chomwe, ndipo mu 2019 lidali m'gulu la mabuku oganiziridwa pa mphotho ya Booker ku Britain. Si buku lachikhristu, ndipo si la ana. Ndi nthano yopeka, ya mtundu uja wogoneka munthu mochedwa pofuna kudziwa ngati wolakwa agwidwa kapena ayi. Tifotokoza ndi mathero ake omwe, pakuti phunziro lagona kumeneko.

Nkhaniyo idachitikira mu mzinda wa Lagos. Woisimba ndi Korede, namwino wa pachipatala, munthu waukhondo ndi wosamala pa ntchito yake. Mng'ono wake, Ayoola, adali wokonza zovala zamakono, wokongola kotero kuti anthu amamkhululukira asanapepese n'komwe. Usiku wina Ayoola adaitana mkulu wake pa lamya namuuza kuti wabaya chibwenzi chake, mnyamata wotchedwa Femi, ndipo wafa. Aka kadali kachitatu kupha mwamuna, ndipo nthawi zonse amati adangodziteteza. Korede sadaitane apolisi. Adatenga mankhwala oyeretsera ndi nsanza, nakakolopa magazi m'nyumba ya mnyamatayo kufikira padalibe dontho. Awiriwo adakulunga mtembo m'nsalu za pabedi, nauika kumbuyo kwa galimoto, nakauponya m'madzi kuchokera pa mlatho waukulu wa Third Mainland.

Pambuyo pake dokotala wina wa pachipatala chomwecho, dzina lake Tade, amene Korede amamkonda chamumtima, adakopeka ndi Ayoola. Apa mtima wa Korede udagawika. Adalibe womuuza, koma wodwala wina wotchedwa Muhtar amene adali chikomokere kwa nthawi yaitali. Kwa iyeyu amakhuthula zonse poganiza kuti sakumva kanthu. Tsiku lina wodwalayo adatsitsimuka, ndipo zidapezeka kuti adamva ndi kukumbukira. Korede adayesa kumchenjeza dokotala uja, koma iye sadakhulupirire. Potsiriza Ayoola adamtulutsira mpeni nayenso, ndipo polimbanapo wovulala adali Ayoola mwini. Apolisi atafika, Korede adaikira kumbuyo mng'ono wake. Mlandu udagwera munthu wosalakwa, ntchito yake ya udokotala nithera pomwepo. Buku litha mwamuna winanso atafika pakhomo kudzaona Ayoola.

Chimene chidatigwira mtima

Mlembiyu adziwa kumuika wowerenga kumbali ya Korede. Pamene apolisi adatenga galimoto yake kuti akaifufuze, mtima wa wowerenga umagunda pamodzi ndi wake, kufunitsitsa kuti asapezemo kanthu. Chifukwa chake n'chodziwika: Korede si munthu wankhanza. Ndi mwana woyamba monga ana oyamba a m'nyumba zathu, amene adauzidwa kuyambira ali wamng'ono kuti cholakwa cha mng'ono wake ndi cholakwa chake. Ambiri a ife tidaleredwa chomwecho, kubereka mng'ono kumsana ife eni tisanalimbe miyendo, ndi kudzudzulidwa iye akagwa.

Koma mlembiyo samlola wowerenga kukhala kumbali imeneyo mwamtendere. Amabweretsa banja la Femi, limene lidafunafuna mwana wawo ponseponse. Mayi wake adalira osadziwa ngati alire maliro kapena adikire. Mlongo wake adafika kudzapempha kuti angouzidwa chimene chidachitika. Ife amene tidziwa kulemera kwa maliro opanda mtembo, ndi kufunika kwa manda amene abale angathe kuwaloza, sitingawerenge zimenezi mopepuka. Femi nayenso adali m'bale wa wina. Chibale chimene Korede amachiteteza chidali kudya chibale cha anthu ena.

Kumene zidayambira

Pang'onopang'ono bukulo liulula chinsinsi chachikulu cha nyumba imeneyo, chimene chidalipo Ayoola asanaphe munthu. Bambo wa atsikanawo adali munthu wolemera ndi wolemekezeka kubwalo, koma wankhanza m'nyumba. Amamenya mkazi ndi ana, nabweretsa mkazi wina m'nyumba momwemo. Adafuna kupereka Ayoola, akali mtsikana wosafika msinkhu, kwa mfumu ina yolemera kuti malonda ake ayende, ndipo azakhali awo adali okonzeka kumperekeza. Mpeni umene Ayoola amaphera anthu udali wa bambo wakeyo. Za imfa ya bamboyo buku silinena zonse poyera, koma lionetsa kuti ana akewo amadziwa zambiri kuposa zimene adauza anthu. Patapita zaka 10, banja lidachita chikumbutso chachikulu, anthu akumtamanda monga munthu wabwino, odziwa zoona ali chete.

Tsono Korede sadaphunzire kukolopa magazi usiku wa Femi. Adaphunzira m'nyumba imene aliyense amadziwa za nkhanza ndipo aliyense amakonza pakhomo kuti alendo asaone kanthu. Mwana wokulira m'nyumba yotero amaphunzira kuti mbiri ya banja iposa munthu, ndi kuti chikondi ndicho kubisa. Chete wa akuluakulu adabala chete wa ana, ndipo amene adalipira mtengo wake adali anthu a kunja amene sadalakwire banjalo kanthu.

Kuphimba kuli pawiri

Wina angafunse kuti, kodi Mau a Mulungu satiphunzitsa kuphimba zolakwa za anzathu? Inde atero. Pa Genesis 9 Semu ndi Yafeti adayenda chafutambuyo nafunditsa atate wao Nowa amene adaledzera, ndipo adadalitsidwa, pamene Hamu amene adakalengeza manyaziwo kubwalo sadayamikidwe. Pa 1 Petro 4:8 ndi pa Miyambo 10:12 tiphunzira kuti chikondi sichikondwera kuyalutsa mnzako. Miseche ndi tchimo, ndipo mipingo yambiri yapasuka chifukwa cha lilime. M'bale amene adagwa, nalapa, nabweza chimene adalanda, sitiyenera kumkumbutsa chakale pa msonkhano uliwonse wa banja.

Koma buku lomwelo la Miyambo, pa mutu 28 ndime 13, lichenjeza munthu wokwirira tchimo lake kuti zinthu sizidzamyendera. Levitiko 5:1 aika mlandu pa mboni imene idaona kapena kudziwa kanthu nikana kunena. Pa Yoswa 7 Akani adakwirira zinthu zoletsedwa pansi pa hema wake, ndipo amuna ngati 36 amene sadadziwe kanthu za chinsinsicho adafa ku Ai. Motero kuphimba kuli pawiri. Kwina ndiko kufunditsa munthu wamanyazi kuti adzuke. Kwina ndiko kufunditsa tchimo kuti lipitirire.

Tingasiyanitse bwanji? Tidzifunse mafunso atatu. Kodi choipacho chidatha, kapena chikuchitikabe? Kodi alipo wina amene akupwetekedwa, kapena adzapwetekedwa, chifukwa ife tili chete? Kodi wolakwayo akulapa, kapena akungodalira kuti tidzamkonzeranso? Nowa adadzichititsa manyazi yekha m'hema wake, ndipo chofunda cha ana ake sichidapweteke munthu. Ayoola sadalape ndi kamodzi komwe, chifukwa amadziwa kuti mkulu wake adzabwera ndi nsanza.

Nyumba ya Davide ndi nyumba ya Yakobo

Baibulo silibisa zinsinsi za mabanja a anthu a Mulungu. Pa 2 Samueli 13 Amnoni, mwana wa Davide, adagwirira mlongo wake Tamara. Tamara sadakhale chete: adang'amba chovala chake, nathira phulusa kumutu, napita akulira mokweza. Amene adamkhalitsa chete ndi mlongo wake Abisalomu, pomuuza kuti nkhaniyo ndi ya m'banja. Davide adamva nakwiya kwambiri, koma sitiwerenga kuti adachitapo kanthu. Tamara adakhala wosweka mtima m'nyumba ya Abisalomu. Patapita zaka ziwiri Abisalomu adapha Amnoni pa phwando la kumeta nkhosa, nathawira ku Gesuri kumene adakhala zaka zitatu. Atabwerako adaukira atate wake, ndipo dziko lonse lidalowa m'nkhondo. Mlandu umene udakanidwa kuweruzidwa m'nyumba udakaweruzidwa ndi lupanga kubwalo.

Ana a Yakobo nawo adasunga chinsinsi chimodzi amuna khumi. Adagulitsa Yosefe ali wa zaka 17, naviika malaya ake m'mwazi wa mbuzi, nasiya atate wao kuti adzipezere okha yankho labodza. Yosefe adaima pamaso pa Farao ali wa zaka 30, padapita zaka 7 za zokolola zambiri ndi ziwiri za njala, ndipo pamenepo ndi pomwe zoona zidaululika. Kwa zaka ngati 22 amunawo amadya pamodzi ndi nkhalamba yolira mwana amene iwo amadziwa kuti sadadyedwe ndi chilombo. Pa Genesis 42, atapanikizika ku Aigupto, chinthu choyamba chimene adakumbukira ndicho kulira kwa mng'ono wao m'dzenje. Mlanduwo sudaole m'mitima yao. Banjalo lidayamba kuchira pamene Yuda, yemwe uja adapereka nzeru ya kugulitsa Yosefe, adadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa Benjamini, ndipo zonse zidanenedwa poyera.

M'nyumba zathu

Pakati pathu n'kutheka kuti palibe amene adaponya mtembo m'madzi. Koma zimene tibisa m'dzina la chibale n'zodziwika. Malume agona ndi mdzukulu wake wa zaka 12, ndipo banja ligwirizana kuti alipire mbuzi nkhani ithere pomwepo, mwanayo n'kupitiriza kutumidwa kunyumba komweko. Mchimwene amenya mlamu wathu usiku uliwonse, ife tikumva kulira kuseri kwa mpanda, ndipo m'mawa timpatsa moni ngati palibe kanthu. Mtsikana achotsedwa pasukulu napatsidwa kwa mwamuna wamkulu chifukwa cha ngongole, ankhoswe ali Akhristu a Mgonero. Ng'ombe yobedwa igona m'khola mwathu chifukwa woibweretsa ndi mphwathu. M'bale agunda munthu ndi njinga yamoto usiku nathawa, ife n'kumthandiza kutsuka njingayo. Pa zonsezi mau amakhala amodzimodzi: za m'nyumba sizituluka kubwalo, tisachititse manyazi mtundu.

Palinso nkhani ya matenda, imene ifuna nzeru. M'bale akatiuza kuti ali ndi kachilombo ka HIV, chimenecho ndi chinsinsi choyenera kusungidwa, ndipo wochilengeza pachitsime achimwa. Koma ngati m'baleyo akonza ukwati ndipo afuna kubisira amene adzamkwatira, chibale chenicheni ndicho kumlimbikitsa kuti anene yekha, kuti apite onse awiri kukayezetsa magazi, ndi kumperekeza ngati achita mantha. Masiku ano mankhwala alipo m'zipatala zathu, ndipo mabanja otere akhala bwino. Chimene chipha ndicho kubisa.

Katekisma wa Heidelberg, wa chaka cha 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi pa funso 107, atikumbutsa kuti kusapha kokha sikukwanira: Mulungu afunanso kuti titchinjirize mnansi wathu ku choipa monga momwe tingathere. Mwana wogwiriridwa ndi mnansi wathu. Mlamu womenyedwa ndi mnansi wathu. Mwini ng'ombe ndi mnansi wathu. Lamulo silidati mnansi aleka kukhala mnansi pamene wompweteka ali wa magazi athu.

Malamulo a dziko lathu la Mozambique nawo anenapo. Lamulo 29/2009 liika nkhanza za m'banja zochitira amayi m'gulu la milandu ya boma, kotero kuti si nkhani yoti banja lingaitseke lokha. Lamulo 19/2019 liletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ndipo lilanga ndi akuluakulu omwe amene aukonza kapena kuudalitsa. Ku polisi kuli ofesi yolandira madandaulo a mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, ndipo nambala ya lamya 116 idaikidwa kuti ana ndi owasamala apemphepo thandizo. Aroma 13 atiphunzitsa kuti woweruza ndi mtumiki wa Mulungu poletsa choipa. Kupita kwa iye pa mlandu wotere si kupereka m'bale m'manja mwa adani.

Tichite chiyani tsono?

Choyamba, tilankhule ndi m'baleyo. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ambuye Yesu pa Mateyu 18 adatipatsa njira: kuyamba awiriwiri, kenaka ndi mboni, kenaka ku mpingo. Mau ngati akuti, "Achimwene, zimene mukuchitazi ndazidziwa, ndipo sindidzakuthandizani kuzibisa, tiyeni tipitire limodzi kwa akulu a mpingo," ndi olemera kuwanena, koma ndiwo mau a m'bale. Korede adalankhula ndi munthu wokomoka chifukwa amafuna kupepukidwa mtima popanda kusintha kanthu. Tisachite chomwecho ndi pemphero, kuuza Mulungu usiku zimene tikana kuzikonza usana.

Chachiwiri, pamene mwana kapena moyo wa munthu uli pangozi, woyamba kutetezedwa ndi wopwetekedwayo. Mwanayo achotsedwe pamalopo tsiku lomwelo, apite naye kuchipatala msanga, ndipo nkhani ifike kwa oyenera. Yonatani adakonda atate wake Sauli nafa naye pamodzi pa phiri la Giliboa, koma sadambisire Davide za chiwembu cha atate wakewo.

Chachitatu, mau kwa abusa, akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano. Anthu ambiri akhala chete chifukwa aopa kuti akanena Lolemba, pofika Lamulungu mudzi wonse udzakhala utamva. Bwalo la mpingo likhale malo amene dzina la wopwetekedwa lisungika. Koma lisakhale malo okwirirapo milandu pofuna kuteteza mbiri ya mpingo kapena ya banja lopereka zambiri. Mwambo wa mpingo ufuna kulapa kwa munthu, ndipo sulowa m'malo mwa bwalo la boma pa mlandu wa kugwirira kapena wa kupha. Pochita chilangizo tiwauze ana athu momveka kuti wamkulu aliyense wowauza kuti asanene kwa amayi, ameneyo ndiye woyenera kunenedwa.

Chachinayi, zoona zikanenedwa, m'bale asatayidwe. Apa ndi pamene mwambi wa fupa ugwira ntchito yake. Akamangidwa, timtengere chakudya kundende. Ana ake tiwalere, munda wake tiulime, timpempherere ndi kumlandira akadzatuluka atalapa. Chibale chotere n'cholemera kuposa kubisa, chifukwa chichitika anthu onse akuona ndipo manyazi ake tiwasenza pamodzi. Koma ndicho chokha chimene chimpatsa wolakwa mpata wa kusandulika.

M'bale wathu wamkulu

Kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 2, itionetsa Yesu monga m'bale wathu wamkulu, amene sadanyansidwe nafe ngakhale adadziwa zonse za ife. Iye sadakolope mlandu wathu usiku mobisa. Adausenza poyera pa mtanda, kunja kwa mzinda, dzuwa lili pamutu, ndipo atiitana kuti tivomereze machimo athu kuti tikhululukidwe, monga 1 Yohane 1:9 atiphunzitsa. Mneneri Mika, pa mutu 7, anena za Mulungu wakutaya machimo a anthu ake pansi pa nyanja. M'buku lija choponyedwa m'madzi adali munthu wolakwiridwa, tchimo nilitsala m'nyumba, ndipo n'chifukwa chake mwamuna wina adafikanso pakhomo. Mulungu akataya tchimo, munthu atsala wamoyo ndi watsopano.

Ngati pali wina wowerenga tsamba lino amene wasenza chinsinsi cha banja kwa zaka zambiri, kaya ndiye adapwetekedwa, kaya ndiye adauzidwa kuti atseke pakamwa, adziwe kuti kunena si kupandukira makolo. Tamara sadachimwe polira mokweza. Afune munthu mmodzi wokhulupirika, mbusa, mkulu wa mpingo kapena mayi wa Chigwirizano, ayambe ndi iyeyo. Ndipo ife ena, pa mapemphero a m'banja sabata ino, tiwerenge 2 Samueli 13 tili ndi funso limodzi: m'nyumba mwathu muno, ndani amene tamuuza kuti akhale chete?

Ambuye atipatse chikondi chonena zoona, ndi kulimba mtima kwa kuima ndi m'bale wathu zoonazo zitanenedwa. Chisomo chikhale nanu nonse kufikira tidzakumanenso mwezi wamawa.